Sizinali Mphere

Ndikukumbukira kulira kwa chivindikiro cha kachitini. Kanali kachitini ka mkaka wa ufa, ndipo kankakhala pamwamba pa kabati m'chipinda cha a Matironi. Chivindikiro chake chinali chothina, moti ankachita kuchitokosa ndi chigwiriro cha supuni. Chikangoti pho, ana tonse amene tinali pamzere panja tinkasiya kupuma. Mpaka lero bambo a kunyumba akamatsegula chitini cha penti, ine ndimatuluka ngati pali chimene ndaiwala pachingwe.

Dzina langa ndi Felesiya, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Migowi. Amene amandidziwa angakuuzeni kuti sindine munthu wosowa chonena. Kasitomala akabwera ndi matama ndimamubwezera nsalu yake itapindidwa bwinobwino, mawu ali pamwamba. Koma nkhani iyi inandikhala pakhosi zaka zambiri, ndipo ngakhale pano ndikuilemba mikono ikundiyabwa.

Kwathu ndi kumunsi kwa phiri la Michesi. Napolo atatsika m'phirimo ndinali wamng'ono, mano akutsogolo atangoguluka. Chimene ndimakumbuka ndi phokoso, ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi, ndi amayi akundikoka dzanja kuthamangira pachulu, mng'ono wanga ali kumsana. Bambo anabwerera kukamasula mbuzi. Sitinawaonenso, iwo ngakhale mbuzizo.

Kuyambira pamenepo madzi anayamba kundilondola kutulo. Ndinkawalota akutsika, ofiira, atanyamula zitseko ndi mikoko ya nthochi, ndipo ndikadzidzimuka ndinkapeza mphasa itanyowa. Amayi sankandikalipira. Ankangoitenga mphasayo n'kukaiyanika pamwala kuseri, anthu asanadzuke. Koma pambuyo pa madzi kunabwera chilala, ndipo pakhomo pathu panatsala makaka a chinangwa okha, nawonso ofumbwa. Mng'ono wanga anayamba kutupa mapazi.

Inali nthawi imene matipate anali atangoyamba, anyamata akuyenda m'misewu ataimika zala ziwiri m'mwamba. Anthu ena akufuna kwabwino a kutauni anamanga nyumba ya ana ovutika cha kufupi ndi msewu waukulu. Dzina lake sinditchula. Kumeneko kunali phala la shuga, bulangete, yunifolomu ndi sukulu, ndipo mayi aliyense amene wasiya mwana ankalandira ufa wa phala woti akadyetse ana otsala kumudzi. Amayi anandiperekeza wapansi. Pachipata anandikonza kolala ya diresi, nati ndizimvera, kenaka anatembenuka msangamsanga osacheukanso.

A Matironi anali mayi wamtali, wochokera kuchigawo chapakati, wonunkhira sopo wa m'sitolo. Ankavala nsapato zogogoda, ndipo tinkawamva akubwera asanaoneke. Anatiuza kuti tiziwaitana kuti Mayi, ndiponso kuti Chilomwe chathu tichisiye pachipata pomwepo. Tsiku loyambalo ndinawaona okongola kwambiri. Ndinaganiza kuti ndikadzakula ndidzagula nsapato zolira choncho.

M'mawa mwake anaimba chitsulo, ndipo atsikana tonse anaimirira, aliyense kumapazi kwa mphasa yake. Nanenso ndinaima, mtima ukugunda, chifukwa madzi aja anali atandipeza ngakhale kumalo achilendo. A Matironi analowa. Atafika pakhomo anavula nsapato imodzi, n'kuyamba kuyenda motsimphina, akuponda mphasa iliyonse ndi phazi lopanda nsapatolo. Gogodo, kenaka zii. Gogodo, kenaka zii. Atafika pa yanga phazi lija linakhalitsa. Sanakalipe ayi. Anangonena motsitsa, ngati akundiuza nkhani yabwino.

"Iwe, lero usamba."

Upusa wa mwana wobwera kumene, ine ndinakondwa. Ndinaganiza za sopo wonunkhira uja. Ndinadabwa kuona kamtsikana kena kamene kanauzidwanso mawu omwewo kakuyamba kulira mosatulutsa mawu, mapewa akugwedezeka. Ameneyo anali Jenala, wa ku Nkhulambe, wamng'ono kwa ine, wa maso aakulu owala.

Kosambirako kunali kuseri kwa khitchini, pakhoma loyang'ana kotulukira dzuwa. Kunalibe madzi, kunalibe sopo. A Matironi anabwera atavala jumbo kudzanja, atanyamula kachitini kaja ndi nthenga ya nkhuku. Munali chitedze. Munthu wa ku Phalombe safunika kumuuza za chitedze. Chimafanana ndi kalongonda amene timadya, koma makoko ake ali ndi ubweya wofiirira umene mphepo ikangokuwaza pang'ono, ngakhale bambo wandevu amavula malaya pamsewu. Mlonda ndiye ankakachithyola kumtsinje, ndipo a Matironi ankapalira ubweyawo m'kachitini. Ankaviika nthenga, n'kutipaka m'mikono, m'khosi, ndi kumsana kudzera pakolala. Ankapaka mofatsa, ngati mmene munthu amapakira mafuta mwana wake.

Poyamba sumva kanthu, ndipo kamphindi kameneko ndi kamene ndinkakaopa kwambiri. Kenaka zimayamba ngati linthumbu lalowa m'diresi, n'kusanduka moto woyenda pansi pa khungu. Tinkaima padzuwa, manja ali pamutu, mpaka anzathu atamaliza kumwa phala. Wokanda ankamuwonjezera. Thukuta likatsika linkanyamula ubweya uja kukaufikitsa pamene nthenga sinafike. Ndinkaluma lilime, miyendo ikuvina yokha, maso ali pa phiri la Michesi limene linkaoneka pamwamba pa mpanda. Nthawi ikakwana a Matironi ankadutsa kutsogolo kwathu, ndipo aliyense ankayenera kugwada n'kunena kuti, "Zikomo Mayi pondisambitsa." Wonena monyinyirika ankabwereza mpaka mawu atamveka okondwa.

Akangotembenuka tinkathamangira kudzala. Tinkakanda ndi zitsononkho, ndi mapale, tinkadzikhula pamtengo wa bulugama mpaka magazi. Ine tsiku loyambalo ndinathamangira kumjigo, koma Jenala anandigwira diresi. Anati madzi amawonjezera, ndipo anatapa phulusa lozizira la kukhitchini n'kuyamba kunditikita nalo kumsana. Iye mwini mikono yake inali zilonda zokhazokha, zina zakale, zina zatsopano, ntchentche zikumutsata. Unzathu unayambira pamenepo.

Palibe chimene sitinayese kuti tisanyowetse. Tinkasiya kumwa madzi dzuwa likangopendeka, kukhosi kuli gwa. Tinkamangirirana luzi kuchala chachikulu cha kuphazi kuti wina akatembenuka adzutse mnzake. Jenala anamva kwa wina kuti ukameza nyerere yamoyo sukodza pogona, ndipo tinameza nyerere zosawerengeka, osaona phindu. Ndinkapemphera kwa Mulungu m'Chichewa, kenaka m'Chilomwe chamumtima, poganiza kuti mwina chimodzi mwa ziwirizi achimva. Koma mantha amene ankatiletsa kugona ndi omwewo ankatinyowetsa. Kukamacha ndinkayamba ndafufuza mphasa ndi dzanja maso ndisanatsegule, ndipo ndikapeza pozizira ndinkadziwiratu kuti lero ndisamba.

Mwezi wina wa Okutobala kunali mphepo ya fumbi. Tili pakhoma paja, a Matironi atangotulutsa nthenga m'kachitini, kamvuluvulu anadutsa n'kuwaza ubweya kumaso kwa Jenala. Mwanayo anakuwa mawu amene sindinawamvenso kwa munthu. Anatsitsa manja n'kuyamba kutikita maso, ndipo chifukwa chotsitsa manja anamuwonjezera kumsana. Diso lakumanzere linatupa mpaka kutsekeka, likutuluka mafinya. Anamugoneka m'chipinda masiku angapo asanamutengere kuchipatala. Pobwerako disolo linali litayera ngati la nsomba yophika. A Matironi anauza aliyense kuti mwanayo anadzikanda yekha ndi zala za mphere.

Mawu akuti mphere ndiwo anaphimba zonse. A komiti akabwera pa galimoto yoyera, tinkavala yunifolomu yochapa n'kuwaimbira nyimbo. Tsiku lina mayi wina wa magalasi anandigwira mkono n'kufunsa za zilondazo. A Matironi anapukusa mutu mwachisoni, nati ndi mphere, ana a kuno amabwera nazo kumudzi chifukwa makolo awo sadziwa ukhondo. Mayiyo anasiya mkono wanga msanga n'kupukuta zala pa kansalu. Ulendo wotsatira anatibweretsera mankhwala oyera opaka, amene pachilonda ankawawa ngati tsabola. Kusukulu anatipatsa dzina lakuti ana a mphere. Palibe amene ankafuna kukhala nafe benchi imodzi, ndipo pamasewera ogwirana manja ife tinkangoonerera.

Tchuthi chikamayandikira a Matironi ankatisonkhanitsa. Ankati mwana wabodza amuchotsa, ndipo amayi ake sadzalandiranso ufa wa phala. Ankanena akumwetulira, akutiyang'ana mmodzimmodzi. Ine ndinkaona mapazi otupa a mng'ono wanga.

Ndiye nditafika kumudzi tchuthi choyambacho, amayi anandivula juzi n'kuona mikono yanga. Kenaka anafunsa kuti, "Mwanaka, ichi n'chiyani?" Amayi akati mwanaka, ndiye kuti mwana wanga m'chiyankhulo chawo, ndipo liwu limenelo linatsala pang'ono kunditsegula pakamwa. Koma ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndi mphere. Sanafunsenso. Anatenga diresi langa kupita nalo kumtsinje kukachapa. Pobwerako anakhala pafupi ndi mafuwa akutikita manja ndi phulusa mpaka m'zigongono, nati akhudza china chake kudimba. Usiku uliwonse wa tchuthicho ndinkagona mphasa imodzi ndi mng'ono wanga, amene tsopano mapazi anali ataphwa, akuthamanga ndi kuseka.

Tsiku lobwerera amayi anagwira thadzi lathu lakuda, limodzi mwa nkhuku zochepa zimene tinali nazo, n'kulimanga miyendo. Titafika anagwada pamaso pa a Matironi, nalipereka ndi manja awiri, akuthokoza chifukwa chondisamalira. Ine ndinaima kumbuyo kwawo mtima ukuwawa kuposa chitedze. Teremu iliyonse zinali choncho, nkhuku ikasowa ankapereka nandolo. Ndinatsimikiza mumtima kuti amayi anga ndi munthu wosaona, wopusitsika ndi nsapato zogogoda. Sindinawauzepo, koma mtima wanga unawaumira kuyambira pamenepo.

Patapita nthawi madzi aja anasiya kundilondola, ndipo ndinachoka pamzere wa osamba. Pamzerewo pankabwera ena atsopano. Nditamaliza pulayimale ndinatuluka, ndinaphunzira kusoka, ndinakwatiwa. Zipsera zinatsala, zakuda, zoyambira m'mapewa mpaka m'manja. Diresi lililonse limene ndinkadzisokera linali la manja aatali, ngakhale m'chilimwe chimene agalu amatulutsa malilime. Azimayi a pamsika ankandiseka kuti ndine mkazi wa abusa amene abusawo sakumudziwa. Ndinkaseka nawo.

Tsiku lina, zaka za 2000 zitalowa kale, ndikupalasa makina, ndinaona mthunzi utaima patsogolo panga. Anali Jenala, atasenza dengu la makaka, mpango utaphimba mbali imodzi ya nkhope. Anati wamva kuti a Matironi akupuma pantchito, ndipo a komiti amanga chipinda chatsopano cha atsikana chimene akufuna kuchitcha dzina lawo. Ana akale tonse taitanidwa kumwambo wotsegulira chipindacho kuti tikaimbe ndi kuthokoza. Masiku amenewo pawailesi pankamveka za ufulu wa ana, ndipo tinkamvanso kuti ena amene anazunzidwa m'nthawi ya chipani chimodzi analandira chipukutamisozi.

"Ifenso tinali ndi misozi, Fele," anatero Jenala. "Diso silibwerera, ndikudziwa. Koma mwana wanga akandifunsa ndimamuuza kuti ndi mphere, ndipo ndatopa nalo bodza la eni ake. Ndikufuna anene okha."

Ine phazi linatsika pa makina. Ndinamuuza kuti zakale n'zakale, ndili ndi zosoka zambiri. Iye sanatsutse. Anangokhala pansi pambali pa makinawo, n'kumandiyang'ana ndi diso limodzilo mpaka ndinalephera kulowetsa ulusi pasingano.

Mapeto ake ndinavomera, ndipo tinapita ku ofesi ina paboma. Mtsikana amene tinamupeza anatilandira bwino, anamva zonse, kenaka anafunsa ngati tili ndi umboni. Ndinakweza dzanja la diresi. Anayang'ana, nati pepani, koma anthu angathe kunena kuti ndi zipsera za mphere. Komabe analonjeza kuti aitanitsa a komiti kuti tikumane nawo mwambo usanachitike. Tinayendera anzathu akale m'midzi, ena tinawapeza m'minda ya nandolo, ena pamsika. Ambiri ankangomva dzina la a Matironi n'kuyamba kukanda mkono, nati sangathe. Ochepa okha ndiwo anavomera.

Amayi atamva anati apita nawo. Anali atakalamba, msana utayamba kupindika. Ndinawakaniza, ndipo atakakamira ndinawafunsa ngati akufuna kukapereka nkhuku ina. M'mawa wa tsikulo ndinawapeza atakhala kale pakhonde, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi.

Tinalowa pachipata chija. Malowo anali atapakidwa penti watsopano, koma fungo la utsi wa khitchini ndi mabulangete onyowa linali lomwelo. Khoma lija linalipo. Anatilowetsa m'chipinda chodyera. Kutsogolo kunakhala a wapampando a komiti, bambo wa tayi wochokera ku Blantyre, ndi anzawo, ndi mtsikana wa kuboma uja. Pakona panali matumba a chimanga ndi zitenje zopinda. Kenaka ndinamva pakhonde: gogodo, gogodo. Ndinali mayi wa pabanja, wa makina anga, koma manja anga anayamba okha kukwera kupita pamutu, ndipo ndinachita kuwakhalira.

A wapampando anayankhula Chichewa chosalala. Anati komiti yamva madandaulo athu, ndipo ngakhale palibe umboni, yakonza kachipepeso pakonapo kuti tonse tisiyane bwino. "Pepani ndi zimene mukuti zinakuchitikirani," anatero. Pepani ameneyo ndinamuzindikira. Ndi yemwe timauza munthu akapunthwa pamwala umene sitinauike ndife, yemwe timanena pamaliro a munthu amene sitinamuphe.

Jenala anaimirira n'kuvula mpango. Anafotokoza za kachitini, za nthenga, za kamvuluvulu uja. Anafika mpaka kumapeto. A Matironi anamvetsera manja ali pamiyendo. Tsitsi linali litachita imvi, koma msana unali wowongoka ngati kale. Atapatsidwa mpata anayankhula mofatsa, monga mwa masiku onse. Anati ana awa anabwera ndi nsabwe ndi mphere, makolo awo atawalephera, ndipo iwo anawalera ngati obereka okha. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Felesiya, iwe unali mwana womvera. Ndinakusambitsa ndi manja angawa. Ukuti bwanji?"

Ndinali nditakonza mawu sabata yonse, ndikuwabwereza popalasa makina. Onse anauluka. Ndinamva fungo la sopo uja. Ndinamva mawondo anga akugunda simenti, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Zikomo Mayi pondisambitsa."

A wapampando anamwetulira, nayang'ana anzawo ngati akuti mwadzionera nokha. Jenala anaphimba nkhope. Ine ndili chogwada pamenepo ndinamva kuti madzi aja ali pafupi kundipeza masanasana pamaso pa anthu, ndipo ndinapanikiza miyendo ndi mphamvu zanga zonse. Ndinalakalaka napolo atanditenga pamodzi ndi bambo.

Pamenepo ndinamva benchi ikukwekwesa kumbuyo. Amayi, amene moyo wawo wonse sanayankhulepo ataimirira pamaso pa amuna a tayi, anayenda mpaka kutsogolo. Anandigwira paphewa kuti ndidzuke. Anayankhula Chichewa chawo chokoka cha Chilomwe, chimene a Matironi ankachiseka.

"Abwana, ine sindinapite kusukulu, ndingonena zimene manja anga anamva. Tchuthi choyamba ndinakachapa diresi la mwanayu. Ndisanatuluke mumtsinje manja anali atandiyabwa mpaka m'zigongono. Ndinatembenuza diresilo, ndinapeza ubweya wa chitedze uli m'misoko ya kolala. Ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndinadziwa, ndipo ndinamubweza ndekha, chifukwa winayo akanafa ndi njala."

Anaima pang'ono kuti apume. Kenaka anayang'ana a Matironi m'maso.

"Mayi, nkhuku zanga munadya. Sindikuzifuna. Ndakhala ndikutchula mphere zaka zonsezi pamodzi ndi inu, ine ndalapa lero. Nenani nanunso."

Sindinawaonepo a Matironi atakwiya poyera, koma tsikulo nkhope inasintha. Kuyankhidwa ndi mayi wa kumudzi wopanda nsapato, amene ankawagwadira, ndi chimene sanathe kumeza. Anadzuka, mawu atakwera.

"Nanga ndikanatani? Chipinda chodzaza ana, mphasa zonyowa tsiku ndi tsiku, sopo kulibe, ine ndekha. Inu a komiti munkabwera kudzamva nyimbo basi. Ambiri mwa awa anasiya kukodza chifukwa cha chitedze chomwecho, lero akundinyoza."

Anadzimva okha atamaliza. Anayang'ana uku ndi uku, nakhala pansi pang'onopang'ono. Panja pankamveka ana akutunga madzi pamjigo. A wapampando anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Mmodzi mwa anzathu akale, bambo wa ana ake, anali akulira kumbuyo ngati kamnyamata.

"Abwana, mwamva," anatero Jenala. "Tsopano nenani inuyo. Osati pepani. Nenani chimene sichinali."

Bamboyo anayang'ana mtsikana wa kuboma, anayang'ana matumba a chimanga, koma kumeneko kunalibe thandizo. "Sizinali mphere," anatero. Jenala anati sanamve bwino, ndipo bamboyo anabwereza mokweza. Ndinaona misozi ikutsika m'maso onse awiri a mnzangayo, ndi loyera lomwe.

Musaganize kuti zonse zinakhala bwino. A Matironi anabwerera kwawo osamangidwa, ndipo mawu akuti ndinalakwa sanatuluke pakamwa pawo. Chipinda chatsopano sanachitchenso dzina lawo. Pa tsiku la mwambo a wapampando anabwereza mawu aja pamaso pa makolo, mwachidule kwambiri, ngati munthu wotaya makala amoto. Komiti inamutengera Jenala kwa madokotala a maso ku Blantyre, ndipo madokotalawo anati anachedwa ndi zaka zambiri. Chimanga chija tinatenga. Inali nthawi ya njala, ndipo ife sitinali opusa.

Koma chimene ndimakumbuka kwambiri ndi ulendo wobwerera kumudzi tsiku la msonkhanolo. Tinayenda wapansi, amayi patsogolo, ine pambuyo, dzuwa likuswa mtengo. Tinadutsa minda ya nandolo. Titafika pamtsinje umene anachapira diresi lija, ndinawafunsa chimene chinkandivuta.

"Amayi, ngati munkadziwa, nanga nkhuku zija?"

Anaima osatembenuka. "Ndinkati akadya za ine, mwina dzanja lake lizipepuka pa iwe," anatero. "Linkapepuka?"

Ndinafuna kuwanamiza, koma tsikulo tonse tinali titatopa ndi bodza. Ndinati ayi. Anagwedeza mutu. Kenaka anabwerera pamene ndinaima, anamasula batani la dzanja la diresi langa, nalipinda mpaka paphewa. Anayendetsa zala zawo zokhakhala pa chipsera chilichonse, pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zaka zonsezo sanandigwirepo mikono, ndipo ine ndinkayesa kuti ankaopa kutenga mphere.

Masiku ano zinthu zasintha. Ana a sukulu amadziwa koti akanene, mphunzitsi akangonyamula ndodo makolo afika kale pa kabaza, ndipo m'nyumba za ana mumalowa oyendera amene amafunsa anawo paokha. Sindinganene kuti tizitini tonse tinatha, chifukwa timene tilipo sitikhala poonekera. Ine ndinayamba kusoka madiresi a manja aafupi. Kasitomala akayang'anitsitsa n'kufunsa ngati ndinadwalapo mphere, ndimamuuza kuti ayi, ndi chitedze, ndipo akakhala ndi nthawi ndimamufotokozera.

Amayi anamwalira asanaone mwana wanga wotsiriza, amene ndinamutcha dzina lawo. Nayenso amanyowetsa mphasa nthawi zina. Akatero amabwera yekha m'mawa, akuyasamula, n'kundikoka chitenje kuti, "Amayi, ndanyowetsanso, mundipatse phala." Ndimatenga mphasayo kukaiyanika poyera, pamene aliyense angaione. Iye amakhala ali kale pabwalo akuthamangitsa nkhuku, ndipo amene ndimatsala ndikunjenjemera pachingwepo ndi ine.